Jeddah ndi Madinah: ola limodzi loyenera kuliwerenga musadachoke pakhomo

Pakati pa bwalo la ndege la Jeddah ndi la Madinah, m'dziko la Saudi Arabia, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 320 mukayeza molunjika mumlengalenga, ndipo pa tikiti ulendowo amaulemba kuti ngwa ola limodzi. Mizinda iwiriyi ili m'chigawo cha Asia, kutsidya kwa Nyanja Yofiira, ndipo ndiyo makomo akuluakulu amene mahaji a maiko akunja amalowera, popeza mzinda wa Makkah ulibe bwalo la ndege.

Kwa banja la ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota limene lasonkha ndalama kwa zaka zambiri kuti bambo kapena mayi akachite Hajj kapena Umrah, manambala amenewa angaoneke ngati nkhani ya oyendetsa ndege okha. Komatu dzina la mzinda umene gulu likayambire ndilo limanena malo amene munthu adzalowere mu ihram, mbali imene adzayang'ane poswali, ndi nthawi imene otsala pakhomo ayenera kuyamba kuyembekezera foni. Wosawerenga zimenezi akadali kumudzi amakaziwerengera pa mpando wa ndege, pamene mpata wokonza zinthu watha kale.

Mtunda woyamba ngwa pansi

Tiuyambire ulendowu kummwera kwa Lilongwe, pa Mitundu ndi pa Nathenje, malo amene anthu a kunyanja amawadziwa bwino. Wochokera ku Mangochi akakwera zitunda za Khwekhwelere kuchokera pa Golomoti, amalowa mumsewu wa M1 chakufupi ndi Dedza, n'kudutsa pa Linthipe ndi pa Kamphata, kenako Nathenje, pamene patsala makilomita oposa 20 kuti alowe mu mzinda wa Lilongwe. Mitundu ili pa msewu wina, wopatukira ku Bunda, makilomita oposa 30 kuchokera mumzinda. Amene ali ndi mwana kapena mphwake wochita malonda m'misika iwiriyi, kumeneko ndiko amagona usiku wotsiriza asadakwere ndege.

Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda, choncho wochokera kummwera ayenera kuudutsa mzinda wonse. Kuchokera pa Nathenje ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo kuchokera pa Mitundu ndi pafupifupi 60. Pa minibasi yoima paliponse, kapena nthawi imene galimoto zathithikana mu Lilongwe, mtunda umenewu umadya nthawi yoposa ya ndege ya pakati pa Jeddah ndi Madinah. Kuwonjezera apo, wokwera ndege yopita kunja amalangizidwa kufika pabwalo kutatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, kuti apimitse katundu ndi kuonetsa pasipoti. Ndiye kuti munthu asadanyamuke m'Malawi muno, maola anayi kapena asanu apita kale.

Maola a mumlengalenga

Imodzi mwa njira zimene Amalawi amadzera popita ku Saudi Arabia ndi ya ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia. Kuchokera ku Lilongwe kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 2,600, ulendo wa maola ngati anayi pa ndege yosaima panjira. Ndege zina zimayamba zatera pa bwalo lina kukatsitsa ndi kutenga anthu, ndipo zikatero nthawi imachuluka. Kuchokera ku Addis Ababa kukafika ku Jeddah ndi makilomita pafupifupi 1,400, ulendo wa maola awiri ndi theka. Mukaphatikiza, mupeza makilomita ngati 4,000 ndi maola asanu ndi limodzi ndi theka ali mumlengalenga.

Koma pakati pa ndege ziwirizo pali kudikira pa bwalo la Bole ku Addis Ababa, kumene kungakhale kwa maola awiri, asanu, mwinanso usiku wonse, malinga ndi tikiti. Mukatera ku Jeddah palinso mzere wa olowa m'dziko. M'chaka cha 2024 anthu oposa 1.8 miliyoni adachita Hajj, ambiri mwa iwo ochokera kunja pa ndege, ndipo khamu lotere silituluka pabwalo mwachangu, ngakhale kuti bwalo la King Abdulaziz, limene lidatsegulidwa mu 1981, lili ndi chigawo chakechake cha mahaji, chofoleredwa ngati mahema. Chotero ulendo umene pa tikiti ukuoneka wa maola ochepa, kuchokera pakhomo pa Mitundu mpaka pa mphasa yogonapo ku Saudi Arabia ungathe kudya pafupifupi tsiku lathunthu.

Palinso nkhani ya wotchi. Nthawi ya ku Ethiopia ndi ya ku Saudi Arabia ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kuno, ndipo tikiti imalemba nthawi ya malo amene ndege ikunyamukira ndi ya malo amene ikutera. Mwachitsanzo, ndege yonyamuka ku Lilongwe 2 koloko masana n'kuuluka maola anayi, pa tikiti imaoneka kuti ifika ku Addis Ababa 7 koloko madzulo, pamene kuno ili 6 koloko. Pakati pa Addis Ababa, Jeddah ndi Madinah palibe kusiyana kwa nthawi, choncho wotchi imasinthidwa kamodzi kokha.

Chifukwa chake makilomita 320 amadya ola lathunthu

Ndege yaikulu ikafika pamwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Wina angawerengere kuti pa liwiro lotere mtunda wa pakati pa Jeddah ndi Madinah uyenera kutha m'mphindi zosakwana 30. Sizitero, chifukwa pa ulendo waufupi ndege imathera nthawi yambiri ikukwera ndi kutsika, pamene liwiro limakhala lochepa, ndipo nthawi ya pa tikiti imawerengedwa kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo ake oimapo mpaka itaimanso kumene yafikako. Amene adakwerapo ndege ya ku Lilongwe kupita ku Chileka, mtunda wa makilomita pafupifupi 250, akudziwa kuti munthu asadakhazikike bwino pampando, ndege imakhala yayamba kale kutsika.

Ola limodzilo nalonso lili ndi maola ena m'mbali mwake. Muyenera kufika pabwalo nthawi ikadalipo, kudikira katundu mukatera, ndi kuyenda makilomita ngati 15 kuchokera pa bwalo la Prince Mohammad bin Abdulaziz kukafika pakati pa mzinda wa Madinah. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo wa ndege susiyana kwambiri ndi wa basi, imene imayenda makilomita oposa 400 pa msewu kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Njira yachitatu ndi sitima yothamanga ya Haramain, imene idayamba kunyamula anthu mu Okutobala 2018. Njanji yake ndi yotalika makilomita 450, sitimayo imafika pa liwiro la makilomita 300 pa ola, ndipo imalumikiza Makkah ndi Madinah m'maola pafupifupi awiri ndi theka, kudzera mu mzinda wa Jeddah, pa bwalo la ndege la King Abdulaziz ndi pa King Abdullah Economic City. Pa nyengo ya Hajj munthu sasankha yekha njira, chifukwa mayendedwe amakonzedwa pa gulu. N'chifukwa chake nkofunika kudziwiratu njira imene gulu lanu lakonza.

Malire amene ndege imawadutsa osaima

Kuzungulira Makkah kuli malo asanu otchedwa miqat, amene munthu wolinga kukachita Hajj kapena Umrah saloledwa kuwapyola asadalowe mu ihram. Kwa ochokera ku Madinah ndi Dhul Hulaifah, pamene lero pamatchedwa Abyar Ali, makilomita ngati 9 kuchokera pa Mzikiti wa Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ndi oposa 400 kuchokera ku Makkah. Kwa ochokera mbali ya Syria ndi Egypt ndi Al-Juhfah, kufupi ndi Rabigh. Kwa a ku Najd ndi Qarn al-Manazil, kwa a ku Iraq ndi Dhat Irq, ndipo kwa ochokera mbali ya Yemen ndi Yalamlam, makilomita ngati 100 kummwera kwa Makkah. Wodzera njira ina amalowa mu ihram akafika molingana ndi miqat imene ili pafupi naye, kaya ali pamtunda, panyanja kapena mumlengalenga.

Mzinda wa Jeddah uli makilomita ngati 75 kumadzulo kwa Makkah, ndipo maulama ambiri amaphunzitsa kuti wochokera kutali asadikire kutera ku Jeddah kuti alowe mu ihram, chifukwa pofika kumeneko amakhala atapyola kale malire. Ndege yochokera ku Addis Ababa imatulukira ku Jeddah kuchokera chakummwera, motero imadutsa molingana ndi Yalamlam kutatsala mphindi zosakwana 30 kuti itere. Pa nthawi imeneyo imakhala ikudutsa makilomita ngati 10 pa mphindi iliyonse, anthu atamanga malamba, zimbudzi zili pafupi kutsekedwa. Ndege zina zimalengeza kuti miqat yayandikira, zina sizilengeza. Bambo amene nsalu zake ziwiri zoyera zili m'sutikesi imene idapimidwa ku Lumbadzi sangathe kuzipeza kufikira atatera.

Wopyola miqat popanda ihram, Hajj kapena Umrah yake siiwonongeka, koma ayenera kubwerera ku miqat asadayambe mapemphero ake, apo ayi azinge mbuzi kapena nkhosa ku Makkah kuti nyama yake igawidwe kwa osauka. Kwa munthu amene wawerengera riyal iliyonse ya m'thumba mwake, imeneyi ndi ndalama imene sadaikonzekere. Njira yopewera ndi yosavuta. Kuvala nsalu ndi kwina, kulowa mu ihram ndi kwina: ihram imayamba ndi niya, chitsimikizo cha mumtima, chotsatana ndi talbiya. Choncho bambo angathe kusamba pakhomo, kusunga nsalu zake m'chikwama cha m'manja, kuzivala pa bwalo la Bole, n'kudzachita niya ndege isadafike pa malire. Kuchita niya mofulumirako pang'ono nkololedwa, ndipo ndi bwino kuposa kuchedwa. Amayi amalowa mu ihram ndi zovala zawo za masiku onse zobisa thupi, choncho kwa iwo chofunika ndi kuidziwa nthawiyo. Dziwaninso kuti Addis Ababa ili pamwamba mamita oposa 2,300, ndipo usiku kumazizira ngati mwezi wa Juni pa Mitundu. Nsalu yofunda pamapewa, yosasokedwa ngati malaya, imathandiza munthu wachikulire.

Zonsezi zimasintha ngati gulu likuyambira ku Madinah. Amene wakonza zoyamba wakachezera Mzikiti wa Mtumiki, kaya ndege yake yatera ku Madinah komweko kapena yatera ku Jeddah n'kupitiriza ulendo wa ola limodzi uja, sakhala mu ihram pa ulendo woyambawu. Miqat yake ndi Dhul Hulaifah, tsiku limene adzanyamuke kupita ku Makkah. Basi imaima pa mzikiti wa pa Abyar Ali, pamene pali malo osambira ndi osinthira zovala. Koma sitima siima pa miqat, ndipo ndege yochoka ku Madinah kupita ku Jeddah imawadutsa malowo itangonyamuka kumene. Wokwera sitima kapena ndege ayenera kuchoka kumene akugona atavala kale.

Swala pa ulendo

Asilamu ambiri a m'mbali mwa nyanja amatsata madhhab a Imam Shafi'i, amene amaika mtunda wololeza kufupikitsa swala pa makilomita pafupifupi 81. Wina angaganize kuti popeza kuchokera pa Nathenje kapena pa Mitundu kukafika ku Lumbadzi sipakwana mtunda umenewo, ndiye kuti sali paulendo kufikira ndege itanyamuka. Chimene chimawerengedwa ndi ulendo wonse umene munthu walinga, ndipo chilolezo chimayamba akangotuluka m'malire a mudzi kapena tauni imene amakhala. Kuyambira pamenepo angathe kuswali Dhuhr, Asr ndi Isha rakaa ziwiriziwiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha, pa nthawi ya imodzi mwa ziwirizo. Maghrib ndi Fajr sizifupikitsidwa, ndipo Fajr siphatikizidwa ndi swala ina.

Apa ndi pamene kudziwa maola a ndege kumathandiza. Wonyamuka ku Lilongwe dzuwa litapendeka angathe kuswali Dhuhr ndi Asr pamodzi asadakwere, n'kukaswali Maghrib ndi Isha atatera ku Addis Ababa, popanda swala ina kumupeza ali pampando. Chovuta chimadza pa ndege ya usiku imene m'bandakucha umaipeza mumlengalenga. Ngati dzuwa lingatuluke isadatere, munthu amaswali m'mene angathere ali m'ndege, ndipo mashehe ambiri a madhhab a Shafi'i amalangiza kuti amene waswali chokhala, kapena osalunjika ku qibla, aibwereze swalayo akatera. Nthawi ya swala imatsata dzuwa la malo amene munthu ali, osati wotchi imene wachoka nayo kumudzi. Ndipo amene walinga kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, salinso wapaulendo pamalopo.

Qibla nayo imayenda ndi mtunda. Pa Mitundu, pa Nathenje ndi ku Lilongwe konse, woswali amayang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa ndi madigiri ngati 10, ndipo Kaaba ili makilomita pafupifupi 4,000 patsogolo pake. Njira ya ndege yodzera ku Addis Ababa imayenda pafupi kwambiri ndi mzere umenewu. Ku Jeddah qibla ili chakum'mawa. Ku Madinah, mzinda umene uli kumpoto kwa Makkah, Mmalawi amene wakhala akuyang'ana kumpoto moyo wake wonse amaswali atayang'ana kummwera, mbali yomwe kuli kwawo.

Mtunda womwewo pa ngamila

Njira zimenezi anthu adaziyenda kalekale ndege kusadabwere. Cha m'ma 615, gulu loyamba la Asilamu othawa mazunzo ku Makkah lidawoloka Nyanja Yofiira pa ngalawa kukabisala kwa mfumu Najashi ya ku Habasha, dera limene lero kuli Eritrea ndi kumpoto kwa Ethiopia. M'chaka cha 622 Mtumiki ndi Abu Bakr adabisala masiku atatu m'phanga la Thawr, kenako adayenda pa ngamila masiku pafupifupi 8, motsogozedwa ndi Abdullah ibn Urayqit, asadafike pa Quba m'mphepete mwa Madinah. Pa Hajj yotsanzika ya mu 632, Mtumiki adachoka ku Madinah kutatsala masiku asanu kuti mwezi wa Dhul Qa'dah uthe, adalowa mu ihram pa Dhul Hulaifah, ndipo adafika ku Makkah pa 4 Dhul Hijjah. Jeddah idasanduka doko la Makkah cha m'ma 647, mu ulamuliro wa Khalifa Uthman ibn Affan, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikulandira mahaji odzera panyanja.

Woyenda pa ngamila ankaiona miqat ikuyandikira, n'kutsitsa katundu, kusamba ndi kugona pomwepo. Thupi lakenso linkazolowera nyengo pang'onopang'ono. Lero munthu amachoka m'chisanu cha Lilongwe n'kutulukira m'ng'anjo tsiku lisadathe. Mu Juni 2024 kutentha ku Makkah kudafika pa madigiri 51.8, ndipo boma la Saudi Arabia lidalengeza kuti mahaji oposa 1,300 adamwalira, ambiri mwa iwo opanda chilolezo cha Hajj, amene adayenda mitunda italiitali padzuwa. Nyengo ya Hajj imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, koma mwezi wa Meyi ku Makkah udakali wotentha kuposa Okutobala wa ku Mangochi. Nkhalamba imene yakhala pafupifupi tsiku lonse m'misewu ndi m'mabwalo a ndege ikufunika madzi, mankhwala ake m'chikwama cha m'manja, ndi mpata wopuma isadayambe kuzungulira Kaaba.

Zofunsa musadapereke ndalama

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Banja lisadalipire ulendo, likhale pansi ndi okonza ulendowo pamodzi ndi shehe wa pa mzikiti wawo, tikiti kapena ndondomeko ya ulendo ili pamphasa. Lifunse kuti ndege yotsiriza ikutera ku Jeddah kapena ku Madinah, ndiponso kuti gulu likuyambira ku Makkah kapena ku Madinah, chifukwa mafunso awiriwa si amodzi. Lifunse kuti kudikira panjira nkwa maola angati, pa bwalo liti, ndipo ndani adzakumbutse gulu za miqat ngati ndege siilengeza. Njira yodzera ku Dubai kapena ku Doha imatulukira ku Jeddah kuchokera kum'mawa, motero miqat yake ndi ina, ndipo mtunda ndi wautali: kuchokera ku Dubai kokha kukafika ku Jeddah ndi makilomita pafupifupi 1,700, ulendo wa maola atatu. Lifunsenso kuti pakati pa Makkah ndi Madinah gulu lidzayenda pa basi, pa sitima kapena pa ndege, ndi kuti ulendo wobwerera udzayambira pa bwalo liti.

Mayankho alembedwe pa mapepala awiri, lina lipite ndi wapaulendo, lina litsale pakhomo, nthawi iliyonse italembedwa kawiri: ya kumeneko ndi ya kuno. Otsala ku Makanjira, ku Chipoka kapena pa Nathenje akaona kuti tikiti yati ndege itera ku Jeddah 3 koloko usiku, adziwe kuti kuno ikhala ili 2 koloko, ndipo awonjezerepo maola a pa mzere wa pasipoti, a katundu ndi a basi. Foni ikakhala chete mpaka dzuwa litatuluka, nthawi zambiri ndiye kuti mayi kapena bambo akadali pa mzere.